Malungo, Kaodzera ndi Chigodola: Mafunso a Pakhomo ndi a Kukhola

Mawu akuti "tizilombo" tinawasenzetsa katundu wambiri. Nsabwe ndi tizilombo, anankafumbwe ndi tizilombo, koyambitsa Edzi ndi kachilombo, koyambitsa kolera nakonso ndi kachilombo. Pocheza palibe chovuta. Chovuta chimabwera pogula mankhwala, chifukwa mankhwala sadziwa kuti ife tinangotipatsa dzina limodzi tonseto. Mafunso ali m'munsimu akukhudza fuko limodzi lokha la tizilomboti, lomwe a sayansi amalitcha protozoa. Fuko limeneli limatigoneka ife m'nyumba, limathanso ng'ombe m'khola, ndipo kawirikawiri limafika pakhomo litakwera kanthu kena koluma.

Kodi protozoa n'chiyani, nanga n'tosiyana bwanji ndi mabakiteriya kapena mavairasi?

Thupi la munthu linamangidwa ndi maselo osawerengeka, monga nyumba imamangidwira ndi njerwa. Kachilombo ka protozoa ndi njerwa imodzi yokha, koma yamoyo: kamadya, kamaswana, ndipo tambiri timayenda tokha, tina ndi kamchira, tina mokwawa. Vairasi ndi kakang'ono zedi, sikangaswane popanda kulowa m'selo la chamoyo china. Bakiteriya ndi kokulirapo. Protozoa ndiye mkulu wawo, ndipo kapangidwe ka selo lake n'kofanana kwambiri ndi ka maselo athu. Nkhani yagona pamenepa. Penisilini amagumula kachikhoma komwe mabakiteriya ali nako koma ife tilibe, n'chifukwa chake amapha bakiteriya osavulaza wodwala. Protozoa alibe kachikhoma kameneko. Kupeza mankhwala opha kachilombo kofanana nafe, ife n'kutsala amoyo, si ntchito yamasewera.

Woyamba kutiona ndi maso anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft m'dziko la Netherlands, yemwe ankasula yekha timagalasi tokulitsa zinthu. Mu 1681 atatsegula m'mimba, anaika chimbudzi chake chomwe pagalasi n'kuona tinthu tikusambira. Zomwe analongosolazo lero zimatchedwa Giardia. Sayansi ina imayamba mopanda ulemu chonchi.

Malungo alinso m'gulu limeneli?

Ndiwo mfumu yake. Kachilombo kake ndi Plasmodium, ndipo mtundu womwe umatisautsa kuno, womwenso ndi wakupha kwambiri, ndi Plasmodium falciparum. Dokotala wa asilikali a ku France, Alphonse Laveran, anakaona m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma, kachilombo kamayamba kabisala m'chiwindi kwa sabata kapena kuposerapo, munthu osamva kanthu. Kakachuluka kamatsikira m'magazi, n'kulowa m'maselo ofiira, n'kumawaphulitsa. Kunjenjemera ndi kutentha thupi kuja kumabwera maselowo akamaphulika, ndipo mwana amene wayera m'manja ndi m'zikope ndiye kuti maselo ake ofiira aphulika ochuluka. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000 padziko lonse, ochuluka zedi mwa iwo ana a mu Africa osakwana zaka zisanu.

Dziko la Malawi lili ndi mbiri yakeyake pankhondo imeneyi. Mu 1993 linakhala loyamba mu Africa kusiya kolokwini n'kuyamba Fansidar, kachilombo katazolowera mankhwala akalewo. Mu 2007 Fansidar naye anapatsira mpando LA, ngakhale amayi oyembekezera amalandirabe Fansidar kusikelo ngati chitetezo. Mu April 2019 mwana woyamba padziko lonse kulandira katemera wa malungo wa RTS,S pandondomeko ya boma anali wa kuno. Chodabwitsa china n'chakuti patapita zaka zoposa khumi kolokwini atachotsedwa, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti wayambanso kupha kachilomboko. Kachilombo kamazolowera mankhwala omwe tikuwamwaza mosasamala, ndipo kamawaiwala tikawasunga.

Nanga ng'ombe zimadwala malungo athuwa?

Ayi. Udzudzu wina umaluma ng'ombe ndi anthu omwe, koma Plasmodium wathu sakhala m'magazi a ng'ombe. Ng'ombe zili ndi "malungo" awoawo, tifikako.

Ayeza malungo osawapeza, kapena ndamwa LA mpaka kumaliza, koma thupi likutenthabe. N'chiyani chimenechi?

Zoyambitsa zilipo zambiri: chibayo, taifodi, matenda a m'chikhodzodzo ndi zina. Kachipangizo kapulasitiki koyezera mwachangu kaja, kotulutsa mzere umodzi kapena iwiri, kamadziwa funso limodzi lokha: malungo alipo kapena palibe? China chilichonse sikachiona. Koma ngati mumakhala kapena munapita pafupi ndi nkhalango ya Vwaza ku Rumphi ndi Mzimba, ya Nkhotakota, ya Kasungu, kapena chigwa cha Luangwa ku Zambia, pali dzina limodzi loti lisachoke m'mutu: kaodzera. Ndipo dziwani kuti munthu angathe kukhala ndi malungo ndi kaodzera nthawi imodzi. Mizere iwiri ikatuluka, aliyense amapumira m'mwamba n'kunena kuti tawapeza matenda, pomwe mdani wamkulu watsala m'magazi.

Kaodzera amayamba bwanji? Ndimayesa wodwala amangogona tulo.

Dzinali ndi limene limapusitsa anthu. Kuodzerako kumabwera kumapeto, ndipo amene akudikira kuti aone wodwala akuodzera akudikira maliro.

Kachilombo kake ndi Trypanosoma, ndipo kamalowa m'thupi ntchentche ya kashembe ikaluma. Pakapita masiku angapo, pamalo polumidwapo pangathe kutuluka chotupa chowawa chonga chithupsa, koma si onse amene amachiona, makamaka pakhungu lakuda. Kenako thupi limatentha, mutu umawawa, m'malo olumikizira mafupa mumaphwanya, mwanabere amatuluka. Kutenthako kumabwera, kumapita, n'kubweranso. Mpaka apa, palibe chosiyanitsa ndi malungo. Kachilomboko kakawoloka kupita kuubongo zinthu zimasintha: munthu amagona masana, usiku n'kukhala maso gwa, amaiwalaiwala, amalankhula zosagwirizana, amayenda dzandidzandi ngati waledzera, wofatsa amasanduka waukali. Apa ndi pamene achibale ambiri amati walodzedwa kapena wayamba misala, n'kutembenukira kwa asing'anga. Masabata omwe amathera kumeneko ndi omwe akanamupulumutsa.

Kaodzera ali mitundu iwiri. Wa kumadzulo ndi pakati pa Africa, monga ku Congo, amatchedwa gambiense ndipo amadya munthu pang'onopang'ono kwa zaka. Wathu kuno ndi rhodesiense, ndipo alibe chisoni: popanda mankhwala amapha m'masabata kapena m'miyezi yochepa. Mu 2019 ndi 2020 matendawa anabuka mwamphamvu m'Malawi muno, odwala opezeka anaposa 80 chaka chilichonse, ndipo m'zaka zimenezo dziko lathu ndilo linali ndi odwala rhodesiense ambiri kuposa dziko lina lililonse. Amenewo ndi okhawo amene anafika kuchipatala n'kuyezedwa.

Kuyeza kwake n'kwachikale koma kokhulupirika: dontho la magazi pagalasi, diso pamaikulosikopu. Amene anasuzumirapo saiwala. Maselo ofiira amaoneka ngati timakobidi tomwazika pansi, ndiye pakati pawo pali kanthu kowonda kakupiringizika ngati mlamba m'matope, kakukankha timakobidito uku ndi uku.

N'chifukwa chiyani dzina lake lili ndi "Rhodesia"?

Chifukwa wodwala amene kachilomboka kanazindikiridwa m'magazi ake mu 1910, ndi akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anakatenga m'chigwa cha Luangwa, m'dziko lomwe panthawiyo azungu ankalitcha Rhodesia. Mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, akugwira ntchito m'chigwa chomwecho, anatsimikiza kuti kashembe wa m'tchire la kuno, Glossina morsitans, ndi amene amakanyamula. Atsamunda anali ndi mantha, pakuti m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 kaodzera anali atapha anthu oposa 200,000 ku Uganda. Anatumiza David Bruce ku Nyasaland, komwe anafufuza pakati pa 1912 ndi 1914 pamodzi ndi mkazi wake Mary, yemwe anali katswiri pamaikulosikopu. Bruce yemweyu ndi amene, cha m'ma 1895 ku Zululand, anapeza kuti matenda a ng'ombe omwe Azulu ankawatcha nagana amayamba ndi Trypanosoma wochokera ku nyama zakutchire kudzera mwa kashembe.

Malangizo ake anali oti nyama zakutchire za m'madera a kashembe ziphedwe. Ku Southern Rhodesia anachitadi zimenezo kwa zaka makumi angapo, n'kuwombera nyama zikwi mazanamazana. Kashembe alipobe mpaka lero.

Kodi kaodzera amachizika?

Amachizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere. Koma mbiri ya mankhwalawo ndi yowawa. Kwa zaka pafupifupi 100, wodwala amene kachilombo sikanafike kuubongo ankabayidwa suramin. Amene kafika kuubongo, kuyambira 1949, ankabayidwa melarsoprol, mankhwala opangidwa ndi poizoni wa arsenic. Jakisoni wake amawotcha mumtsempha, ndipo pa odwala 20 alionse, mmodzi ankafa ndi mankhwalawo osati ndi matendawo. Pofuna kudziwa jakisoni woyenera, madokotala ankayamba apopa madzi a mumsana, chinthu chomwe anthu ambiri amachiopa kuposa matenda omwe.

Kusintha kwabwera posachedwapa, ndipo kwadzera kwathu konkuno. Mapiritsi otchedwa fexinidazole anayesedwa pa odwala rhodesiense pachipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda, mothandizidwa ndi bungwe la DNDi, ndipo odwala ochuluka m'kafukufukuyo anali a ku Rumphi. Mu December 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza zotsatira zake, ndipo mu 2024 WHO inalangiza kuti akhale mankhwala oyamba. Amamwedwa kamodzi patsiku kwa masiku 10, munthu atadya chakudya chokwanira, chifukwa pamimba yopanda kanthu salowa bwino m'magazi. Ana osakwana zaka 6 kapena olemera mosafika makilogalamu 20 akudalirabe mankhwala akale. Sikawirikawiri kuti boma lakumudzi ngati Rumphi lipatse dziko lonse mankhwala. Apa zinachitika, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri a ife sitikuzidziwa.

Bwanji osangopanga katemera?

Chifukwa kachilomboka n'kakathyali. Kamavala chovala chomwe asilikali a m'thupi amachizindikira n'kuyamba kuchithamangitsa. Asanamalize, tina mwa tizilomboto tavula kale n'kuvala china, ndipo zovala zosinthira tili nazo mazanamazana. Kutentha thupi kobwera n'kupita kuja ndi nkhondo imeneyi. Katemera amaphunzitsa thupi nkhope ya mdani; uyu alibe nkhope imodzi.

Kashembe ndingamuzindikire bwanji, nanga ndingamupewe bwanji?

Ndi wokulirapo pang'ono kuposa ntchentche ya m'nyumba, wotuwa, ali ndi mlomo wosongoka woloza kutsogolo, ndipo akatera amapinda mapiko limodzi pamwamba pa linzake ngati sizasi yotseka. Amaluma masana, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ndipo kuluma kwake kumamveka ngati singano yamoto, kumaboola ngakhale malaya opyapyala. Amakonda chinthu choyenda. Amene anadutsapo pamsewu wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota kudzera m'nkhalango, dzuwa likuswa mtengo, amadziwa mmene amamenyera magalasi a galimoto. Amakondanso mtundu wabuluu ndi wakuda, choncho wopita kukafula njuchi, kukatola nkhuni, bowa kapena matondo ndi bwino avale zotuwa kapena zakhaki, zamanja aatali.

Chofooka chake n'chakuti sabereka ambiri. Udzudzu umaikira mazira mazana. Kashembe wamkazi amalera mphutsi imodzi m'mimba mwake n'kuibereka, kenako n'kudikira masiku 9 kapena 10 kuti abereke ina. Kupha kashembe wamkazi mmodzi n'kupha banja lonse. N'chifukwa chake nsalu zabuluu ndi zakuda zomwe mumaziona zitapachikidwa m'mphepete mwa nkhalango zili zamphamvu: zinanyikidwa m'mankhwala, kashembe akaterapo watha. Wozichotsa kuti akasokere kabudula kapena katani akuba chitetezo cha mudzi wonse, n'kukavekanso mwana wake poizoni.

Si kashembe aliyense amene ali ndi kachilombo, ambiri alibe. Kulumidwa kamodzi si chiweruzo. Kulumidwa kenako n'kutentha thupi ndiye nkhani.

Kodi kaodzera wa ng'ombe ndi yemweyu wa anthu?

Ndi apachibale. Ng'ombe zimadwala ndi mitundu ina, makamaka Trypanosoma congolense ndi Trypanosoma vivax, yomwe magazi a munthu amaipha. Ng'ombe yodwala siifa msanga. Imawonda ngakhale msipu ulipo, ubweya umanyankhalala, nkhama ndi m'zikope mumayera, mkaka umachepa, yabere imapoloza, ndipo yapagoli imangoima pakati pa mzere n'kumapuma wefuwefu. Mwini wake amati ndi njoka za m'mimba, amamwetsa mankhwala a njoka, osasintha. Mankhwala ake enieni ndi diminazene, amene alimi amawadziwa ndi dzina loti Berenil, ndi isometamidium, woti Samorin, yemwe amatetezanso kwa miyezi ingapo. Vuto ndi kabayidwe. Paketi ya ng'ombe imodzi kugawira ng'ombe zitatu, kulemera kwa ng'ombe kungoyerekeza ndi maso, mankhwala kugula pamsika atayanikidwa padzuwa: umu ndi mmene kachilombo kamaphunzirira kupirira, monga anachitira Plasmodium ndi kolokwini.

Koma pali pomwe khola ndi nyumba zimakumana. Rhodesiense wopha anthu uja amakhala m'magazi a mbawala ndi nyama zina zakutchire popanda kuzidwalitsa, ndipo angathenso kukhala mwa ng'ombe yooneka yathanzi. Ku Uganda, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, matendawa anafika m'boma la Soroti, komwe kunalibe, atabwera ndi ng'ombe zogulidwa kumadera a kaodzera. Kuchiza ng'ombe ndi kuzipopera mankhwala m'miyendo ndi kumimba, komwe kashembe amakonda kuluma, kumateteza ng'ombezo ndi mbusa wake yemwe.

Nanga chigodola? Ena amati ndi cha nkhumba, ena cha ng'ombe.

Dzina ndi limodzi, matenda ndi awiri osagwirizana n'komwe. Chigodola cha nkhumba ndi vairasi, chilibe mankhwala. Chigodola cha ng'ombe, chomwe m'mabuku amachitcha East Coast fever, chimayamba ndi protozoa wotchedwa Theileria parva, ndipo chili ndi mankhwala ndi katemera yemwe. Dzina la kachilomboka likukumbutsa Arnold Theiler, dokotala wa ziweto amene anakafufuza ku South Africa. Matendawa anatsikira kumwera kwa Zambezi cha m'ma 1901 ndi 1902, ndi ng'ombe zochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa zomwe zinatsitsidwa padoko la Beira kuti zilowe m'malo mwa zomwe mliri wa rinderpest unapululutsa mu 1896. Lero akatswiri amayerekeza kuti amapha ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni chaka chilichonse kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa.

Wonyamula ndi nkhupakupa yofiirira yomwe imakonda m'khutu. Gwirani thole, pindani khutu lake, muyang'ane m'kati ndi m'mphepete: mudzaziona zitandandalika ngati mikanda, zina zaphwaphwa, zina zitakhuta. Pakapita sabata imodzi kapena iwiri chilumireni, mwanabere wa pansi pa khutu amatupa, kenako wa kutsogolo kwa phewa, woti mungathe kumugwira ndi dzanja. Thupi limatentha, ng'ombe imasiya kudya, maso amalira misozi, ndipo pomaliza mapapo amadzaza madzi. Imafa ikubanika, thovu lili tuu m'mphuno, kawirikawiri pasanathe mwezi. Ng'ombe zachikuda zobadwira m'dera la matendawa zambiri zimapirira, ngakhale matole ena amafa. Zamkaka zamakono, zomwe mlimi walandira pangongole kapena wagula atagulitsa fodya wa chaka chonse, zimagwa pafupifupi zonse zikapanda kuthandizidwa.

Mankhwala ake ndi buparvaquone. Ndi odula, ndipo amagwira bwino akabayidwa m'masiku oyambirira, mwanabere atangotupa. Thovu likayamba kutuluka, ndalama yanu mwina ingopita pachabe. Mtundu wina wa matendawa umachokera kwa njati, ndipo alimi a kumwera kwa Zambia amautchula kuti denkete. Ku Zimbabwe mtundu wa kumeneko amautcha January disease, chifukwa nkhupakupa zikuluzikulu zimachuluka mvula ikakhazikika. Kunonso ndi chimodzimodzi: dzinja ndiyo nyengo yoyang'ana m'makutu.

Katemera wa chigodolayo ndi wotani, ndipo amapezeka kuti?

Ndi katemera wachilendo. Ng'ombe imabayidwa kachilombo kamoyo, kotengedwa m'nkhupakupa zoperedwa, ndipo nthawi yomweyo imabayidwanso oxytetracycline wokhalitsa m'thupi kuti matendawo asakule. Imadwala pang'ono, n'kuchira, n'kukhala yotetezeka moyo wake wonse. Njirayi inakonzedwa ku Muguga m'dziko la Kenya m'zaka za m'ma 1970, koma malo omwe amapanga katemerayu ndi kutumiza kumayiko ena ali ku Lilongwe, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Ku Zambia amagwiritsa ntchito mitundu yawo, ya Katete kum'mawa ndi ya Chitongo kumwera.

Zovuta zake zilipo. Amasungidwa mu nayitirojeni wamadzi wozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro, ndipo kachubu kamodzi kakasungunulidwa kayenera kuthera ng'ombe makumi angapo tsiku lomwelo. Mlimi wa matole awiri payekha sangakwanitse. Alimi a mudzi wonse kapena a kalabu ya mkaka atasonkhanitsa matole awo angathe. Ng'ombe yotemeredwa imasunganso kachilomboko, choncho katemerayu si wopita naye kudera lomwe kulibe matendawa. Si wobaya wekha. Ndi ntchito ya alangizi a ziweto.

Kale kunali madibi. Kodi si ndiwo yankho?

Amene tinakulira kumudzi tikukumbukira tsiku la dibi. Kunja kusanayere, makhwawa onse ali mabelu ndi malikhweru, ng'ombe za midzi isanu zikukumana panjira imodzi. Pampata wolowera zinkakana, anyamata n'kumazikwapula ndi kuzipotokola michira, mpaka yoyamba ijowe, phava! n'kumira ndi mutu womwe, n'kutulukira uko ikupenga madzi m'mphuno. Mlangizi ali poteropo ndi buku lake, kuwerenga. Fungo la mankhwala lija linkatsala m'malaya mpaka madzulo. Boma litachepetsa dzanja lake pantchitoyi m'zaka za m'ma 1990, madibi ambiri anasanduka maenje a achule, ndipo lero mlimi aliyense amadzionera yekha ndi pampu yopopera.

Dibi ndi wabwino, koma ali ndi malamulo ake. Mankhwala osungunuka kwambiri sapha nkhupakupa, amangoziphunzitsa. Wopopera ndi pampu asamangonyowetsa msana: nkhupakupa zili m'makutu, kunsi kwa mchira, kubere ndi m'mphechepeche. Mankhwala a thonje kapena oilo wakutha wa galimoto si za pang'ombe. Ndipo pali chinthu china chomwe ambiri sachiyembekezera: ng'ombe zachikuda zomwe zatetezedwa kotheratu kwa zaka, osalumidwa n'kamodzi komwe, zimataya mwayi wopanga chitetezo chawo zili zazing'ono, ndiye dibi akadzaima mwadzidzidzi zimafa zambiri. Kuyamba n'kusiya n'koipa kuposa kutsata ndondomeko yocheperapo koma yosadukiza. Za kangati pamwezi, m'dzinja ndi m'chilimwe, funsani mlangizi wa dera lanu, chifukwa zimatengera mtundu wa ng'ombe zanu.

Ng'ombe yanga ikukodza mkodzo wofiira. Ndi chigodola chomwecho?

Ayi, ameneyo kawirikawiri ndi Babesia, wobwera ndi nkhupakupa ina, yotuwira mobiriwira ikakhuta. Ameneyu ndiye "malungo a ng'ombe" enieni, chifukwa amaphulitsa maselo ofiira monga achitira Plasmodium, ndipo kufiira kwa mkodzoko ndi magazi ophulikawo. Diminazene amachiza mukafulumira. Galu wa nkhupakupa zambiri amene wafooka, nkhama zayera kapena zachita chikasu, nayenso amakhala ndi Babesia wa mtundu wake.

Anapiye anga akuchita chitosi cha magazi. Ndi chitopa?

Chitopa ndi vairasi, chimagwetsa nkhuku zazikulu ndi zazing'ono zomwe, zina n'kupotoka makosi, ndipo chitetezo chake ndi katemera. Chitosi cha magazi mwa anapiye a masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, atazyolika, mapiko ali pansi, nthawi zambiri ndi coccidiosis, yoyamba ndi protozoa wotchedwa Eimeria. Timazira take timatuluka ndi chitosi n'kukhwimira mu utuchi wonyowa, makamaka kuzungulira chomwera chodontha. Mankhwala ngati amprolium amathiridwa m'madzi akumwa, koma mukapanda kuchotsa utuchi wonyowawo mukutunga madzi ndi dengu. Eimeria wa nkhuku sagwira munthu.

Pali tina tobwera popanda choluma?

Tilipo, ndipo njira yake ndi madzi, chakudya ndi manja. Giardia uja amatupitsa mimba, kugeyetsa zonunkha ndi kutsegula m'mimba kwa masabata. Entamoeba histolytica amayambitsa mtundu wina wa kamwazi, ndipo nthawi zina amakapanga thumba la mafinya m'chiwindi. Onsewa amamva metronidazole, Flagyl amene timamudziwa tonse, koma kumudziwako kwatipangitsa kumamumwera chilichonse cha m'mimba, pomwe kamwazi wambiri ndi wa bakiteriya wofuna mankhwala ena. Flagyl yemweyo amachiza Trichomonas, wopatsirana pogonana, woyambitsa kuyabwa ndi chikazi chonunkha. Pamenepo amwe onse awiri, bambo ndi mayi, ngakhale bambo asakumva kalikonse.

Woyenera kumudziwa bwino ndi Cryptosporidium. Amatsegula m'mimba matole ndi ana aang'ono, ndipo mtundu wa m'matole umagwiranso anthu, choncho mwana wosewera m'ndowe za thole lotsegula m'mimba, kapena chitsime chomwera pamodzi ndi ziweto, ndi njira yake. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, kutsegulako sikuleka msanga. Klorini wothira m'madzi samupha. Mu 1993 mumzinda wa Milwaukee ku America Cryptosporidium anadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 kudzera m'madzi a m'mipopi. Musasiye klorini, ndiye amatiteteza ku kolera. Koma madzi a khanda ndi a wodwala wofooka, awiritseni.

Ndinamva kuti mayi woyembekezera asamasunge mphaka. N'zoona?

Mphaka asathamangitsidwe, makoswe angasangalale. Nkhani yake ndi Toxoplasma, yemwe amaswana m'matumbo a mphaka n'kutuluka ndi chimbudzi chake, n'kukalowa m'dothi, m'ndiwo zamasamba ndi m'nyama ya mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Anthu ambiri amamutenga osadziwa n'komwe. Ngozi ili pawiri: mayi akamutenga koyamba ali ndi pakati, mwana angathe kupita padera kapena kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo, ndipo kwa munthu wa HIV amene chitetezo chatsika kwambiri, Toxoplasma yemwe anangogona m'thupi amadzuka n'kutupitsa ubongo. Bactrim amene amaperekedwa pamodzi ndi ma ARV amatchinga zimenezi, n'chifukwa china chosamusiyira. Mayi woyembekezera asawole chimbudzi cha mphaka, asambe m'manja akachoka kudimba, ndipo kanyenya wofiira m'kati amusiyire ena.

Nyama ya ng'ombe yofa ndi matendawa tingadye?

Kaodzera, chigodola ndi Babesia sizilowa mwa munthu kudzera m'nyama yophika. Koma ng'ombe yofa yokha simudziwa chomwe chaipha. Ingakhale anthrax, amene amapha wosenda ndi wakudya yemwe. Komanso ng'ombe yomwe yabayidwa mankhwala dzulo, nyama ndi mkaka wake zimakhala ndi mankhwalawo kwa masiku olembedwa pabotolo. Muitaneni mlangizi aione musanaigwire ndi mpeni.

Ndikafika kuchipatala ndi wodwala amene ndikumukayikira kaodzera, ndinene chiyani?

Musadikire kufunsidwa, pakuti pamzere pali anthu ambiri ndipo dokotala sangalote komwe mwachokera. Nenani kuti wodwalayo amakhala kapena anapita kufupi ndi nkhalango yakutiyakuti, tsiku lakuti. Ngati anakalowamo mozemba, kukasaka kapena kukatola nkhuni, nenanibe. Dokotala si mlonda wa nkhalango. Nenani ngati analumidwa ndi kashembe, muonetse pamene panatupa. Nenani kuti LA wamwa ndipo sizinasinthe, ndiponso ngati tulo take kapena khalidwe lake lasintha. Kenako pemphani kuti magazi ake akaonedwe pamaikulosikopu, ndipo ngati pachipatala chaching'onocho palibe, akulembereni kalata yopita kuchipatala cha boma tsiku lomwelo. Akapanda kupeza kanthu koma thupi likutenthabe, bwererani akayezenso, chifukwa tizilomboti timachuluka ndi kuchepa m'magazi. Kuyezako ndi mankhwala ake simulipira kalikonse m'chipatala cha boma.